MWAYE WA MFUTI UCHITIRA UMBONI PA MLANDU

Mau olankhulidwa kwa mafumu, aphunzitsi ndi anthu a m'midzi ya m'malire m'boma la Mchinji



Nkhani ya lero ndi ya wonga wa mfuti, ndi mwaye umene wongawo usiya pa manja, pa zobvala ndi pa bala. Anthu ambiri ayesa kuti mfuti ikalira, utsi nuuluka, ndiye kuti zonse zatha, ndipo chotsala ndi mau a mboni okha. Si tero ai. Mfuti iri yonse ikalira isiya zizindikiro, ndipo akatswiri ofufuza milandu atha kuziwerenga monga mphunzitsi awerenga kalata. Koma zizindikirozi sizichedwa kufafanizika. Kawirikawiri ozifafaniza ndi abale a wobvulalayo, amene atero chifukwa cha chifundo ndi mwambo, osadziwa kuti alikuononga mlandu wao womwe. Akulu amati mlandu suola, ndipo nzoona. Koma umboni wa mwaye utha kutayika dzuwa lisanalowe. Chifukwa chake nkofunika kuti nkhaniyi imveke m'mudzi uli wonse.

MFUTI M'DZIKO LA M'MALIRE

Dziko la Mchinji lidziwa mfuti kuyambira kale. Makolo anayamba kuona mfuti za gogodela m'manja mwa amalonda a minyanga ndi akapolo, monga Achikunda ochokera ku Tete, ndipo wonga unali katundu wa mtengo wapatali. M'chaka cha 1890 maiko a ku Ulaya anapangana mu mzinda wa Brussels kuti achepetse malonda a mfuti ndi wonga m'maiko ano. M'chaka cha 1898 asilikali a Britain anamenyana ndi Angoni a Mpezeni, ndipo linga la masiku amenewo ndilo linapereka dzina lakuti Fort Manning, limene linali dzina la boma lino kufikira linasinthidwa kukhala Mchinji.

Bomali lichita malire ndi Zambia kumadzulo, ndi Mozambique kumwera. Njira yobvomerezeka yopita ku Chipata idzera ku Mwami, koma tinjira ta m'tchire ndi tambiri. Pamene nkhondo ya ku Mozambique inatha m'chaka cha 1992, mfuti zambiri za nkhondo, makamaka za AK-47, zinatsalira m'manja mwa anthu, ndipo zina zinadumpha malire. M'chaka cha 2001 atsogoleri a maiko a SADC anasaina pangano ku Blantyre lakuti athandizane kuletsa kuyenda kwa mfuti zosaloledwa. Lamulo la mfuti la dziko la Malawi linena kuti munthu asakhale ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo cha Boma. Ngakhale ziri tero, mbava za ng'ombe ndi opha nyama mobisa akali nazo mfuti, zina za nkhondo ndi zina za gogodela zosula okha.

Tsono munthu akaomberedwa m'mudzi, funso loyamba la apolisi ndi ili: kodi ndi mfuti yanji, ndipo inalira patali bwanji? Yankho lake liri mu wonga.

MITUNDU IWIRI YA WONGA

Wonga wakale ndi wakuda, ndiwo wa gogodela. Unayambira ku China zaka zoposa 1,000 zapitazo. Muli zinthu zitatu: mchere wotchedwa saltpetre, makala, ndi sulufule. Pa magawo 100 a wonga wa ku fakitale, magawo 75 ndi mcherewo, 15 makala, ndi 10 sulufule. Wonga umenewu supsa bwino. Loposa theka lake lisanduka utsi woyera wambiri, phulusa ndi mwaye, ndipo fungo lake lifanana ndi la mazira oola. Ali yense amene anaimapo pafupi ndi gogodela polira adziwa utsi umenewu.

Wonga wamakono ndi wina. Anaupeza m'chaka cha 1884 ndi munthu wa ku France dzina lake Paul Vieille, ndipo upangidwa ndi thonje losanduliza ndi mankhwala a asidi. M'chaka cha 1889 anthu a ku Britain anapanga wao wotchedwa cordite, wooneka ngati timitengo towonda, ndipo uwu ndiwo unali m'zipolopolo zambiri za mfuti ya .303 imene asilikali a K.A.R. ankanyamula pa nkhondo. Wonga wamakono uli ndi utsi wochepa ndi mphamvu zambiri. Fakitale iri yonse iumba njere zake mwa mtundu wake: zina zobulungira, zina zaphanthiphanthi ngati timbale, zina ngati timapaipi tatifupi.

Palibe mfuti imene itentha wonga wake wonse. Njere zina zituluka kukamwa kwa mfuti zosapsa, zina zopserera mbali imodzi, ndipo zikanirira pa chinthu chimene chiri pafupi. Apa ndipo ilowa nchito ya makina oonera tinthu tating'ono, otchedwa maikulosikopu. Anthu awadziwa makinawa ku chipatala, pakuti ndi omwewo amene aonera tizirombo ta malungo m'dontho la magazi. Katswiri atola njere pa malaya ndi kansingano, naziika pansi pa galasi, naona maumbidwe ake, msinkhu wake ndi maonekedwe ake. Akaona njere zofanana msinkhu ndi zosalala, adziwa kuti ndi za ku fakitale, ndipo atha kuziyerekeza ndi wonga wa m'zipolopolo zimene zapezeka ndi munthu woganiziridwa. Akaona timiyala tosiyana misinkhu pamodzi ndi tizidutswa ta makala tooneka mitsempha ya mtengo, adziwa kuti ndi wonga wakuda wosinja pakhomo. Motero malaya amodzi atha kuuza apolisi ngati afunefune gogodela kapena mfuti ya nkhondo.

FUMBI LOSAONEKA NDI MASO

Palinso umboni wina wochepetsetsa kuposa njere za wonga. Kumbuyo kwa chigoba cha chipolopolo kuli kabatani kakang'ono kamene msomali wa mfuti ukhoma munthu akakhethemula. M'kabatanimo muli mankhwala oyatsa wonga, ndipo m'zipolopolo zambiri mankhwalawo ali ndi zitsulo zitatu: mtovu, barium ndi antimony. Mfuti ikalira, moto wake usungunula zitsulozi, nizisakanikirana, niziuma msanga m'mphepo ngati timipira. Timipirati tituluka m'mipata ya mfuti ndi kugwera pa dzanja la woombayo, makamaka pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala, ndiponso pa nkhope, m'tsitsi ndi pa manja a malaya.

Kuchepa kwake nkodabwitsa. Akatswiri ayesa ndi muyeso wotchedwa micron, ndipo mamicron 1,000 ndiwo akwana milimita imodzi. Timipira tambiri tifika pakati pa micron imodzi ndi mamicron 10, pamene tsitsi limodzi la munthu linenepa mamicron monga 70. Palibe munthu angatione ndi maso, ngakhale woomba mfutiyo mwini wake sadziwa kuti ali nato.

CHIMENE BALA NDI MALAYA ZINENA

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Usiku wina mnyamata wapezeka atafa pafupi ndi khola la ng'ombe. Mwini khola abvomera kuti anaomba mfuti, koma anena kuti anaima patali, pakhomo pa nyumba yake, naombera mumdima poyesa kuti ndi fisi. Abale a mnyamatayo anena kuti awiriwo anakangana masana, ndi kuti mwini kholayo anamgwira nayamba wamuombera ali maso ndi maso. Panalibe wina woona. Kodi woweruza akhulupirire yani?

Malaya a mnyamatayo ndiwo angathe kudula mlanduwo. Mfuti ikagunda thupi polira, moto ndi utsi zilowa m'bala momwe. M'mphepete mwa bala mupserera, nsalu ing'ambika, ndipo nthawi zina chidindo cha kukamwa kwa mfuti chitsalira pa khungu. Ikakhala patali pang'ono, monga kutalika kwa chikhatho chimodzi kapena ziwiri, mwaye wakuda uzinga bowo. Ikatalikira kufikira monga mita imodzi, mwaye sufika, koma njere za wonga zifika, niziboola khungu timadontho tofiirira timene sititsukika ndi madzi. Kupitirira apo njere zigwa pansi zisanafike, ndipo patsala bowo lokha ndi kamzere kotuwa kamene chipolopolo chipukutira litsiro lake polowa.

Miyeso iyi isiyana monga mwa mfuti ndi wonga wake. Gogodela iponya mwaye patali kuposa mfuti yaing'ono ya m'thumba. Chifukwa chake katswiri sangoganizira. Atenga mfuti yomweyo ndi wonga wa mtundu womwewo, naombera pa nsalu zoyera, ina pafupi, ina patali pang'ono, ina patali ndithu, kufikira apeza nsalu imene madontho ake afanana ndi a pa malaya. Pa khungu lakuda, kapena pa chobvala chakuda chonyowa ndi magazi, mwaye ubvuta kuuona ndi maso. Pamenepo agwiritsa nchito galasi lokulitsa, zithunzi zojambula ndi kuwala kwapadera, ndi mapepala a mankhwala amene asintha maonekedwe akakhudza zotsalira za wonga kapena mtovu.

Tsono pa mlandu wa kukhola uja, ngati malaya ali ndi mwaye kuzungulira bowo, mau a mwini khola agwa. Ngati alibe mwaye kapena njere konse, mau a abale aja akhala opanda mphamvu, ndipo munthu sangapatsidwe chilango cha kupha mwadala chifukwa cha mphekesera. Koma ngati mayi wa mnyamatayo anachapa malayawo m'mawa, kapena adzukulu anawakwirira pamodzi ndi maliro, palibe amene angadziwenso zoona. Umboni womwewo uthandizanso pamene anthu ena anena kuti munthu anadziombera yekha, pakuti dzanja la munthu liri ndi polekeza, ndipo bala lopanda mwaye kapena njere za wonga lichititsa apolisi kufunsa bwino.

MAYESO AMENE ANANAMIZA ANTHU

Nzeru izi sizinabwere tsiku limodzi, ndipo akatswiri omwe analakwapo. M'chaka cha 1933 wapolisi wa ku Mexico dzina lake Teodoro González anafalitsa njira yoyesera manja ndi sera. Ankathira sera yosungunula pa dzanja la munthu, ndipo ikauma ankaimatula ndi kudonthezerapo mankhwala otchedwa diphenylamine. Pakaoneka madontho a buluu, ankati munthuyo waomba mfuti. Maiko ambiri anatsata njira imeneyi kwa zaka zambiri.

Pambuyo pake kunadziwika kuti mankhwalawo sazindikira wonga, koma azindikira mchere wa mtundu wa nitrate kuli konse kumene uchokera. Mchere umenewu uli mu fetereza, uli mu fodya, ndiponso m'zinthu zina za pakhomo. Anthu a Mchinji aganizire bwino mau amenewa. M'boma lino la alimi a fodya ndi chimanga, mwezi wothira fetereza, njira ya sera ikadatha kuloza pafupifupi mudzi wathunthu kuti unaomba mfuti, kuyambira mfumu kufikira mwana wa sukulu wothandiza m'munda.

Kulephera kwa njirayi kunaonekera poyera pa imfa ya Pulezidenti John Kennedy wa ku America, amene anaomberedwa mu mzinda wa Dallas m'chaka cha 1963. Bungwe lofufuza imfayo linalemba m'chaka cha 1964 kuti mayeso a sera ngosadalirika. Wapolisi wina anaomba katatu mfuti yomwe ija ya pa mlanduwo, ndipo atamuyesa manja ndi tsaya sanapezeke ndi dontho liri lonse, pamene pa mayeso ena anthu osagwira mfuti konse anapezeka nao madontho. Njira yotere imasula wolakwa ndi kumanga wosalakwa.

MAKINA AMPHAMVU, NDI POLEKEZA PAKE

Cha m'zaka za 1970 akatswiri anayamba kugwiritsa nchito maikulosikopu ya mtundu wina, yoona ndi mphamvu ya magetsi m'malo mwa kuwala kwa nyali. Makinawa akulitsa chinthu nthawi zikwi zambiri, ndiponso anena zitsulo zimene ziri m'kanthu kali konse. Wapolisi atenga kachitsulo kokhala ndi ulimbo, nakadinda kambiri pa dzanja la munthu, nakatsekera m'kabotolo. Ku nyumba yoyesera, makina afufuza pa ulimbopo. Akapeza kampira kobulungira kokhala ndi mtovu, barium ndi antimony pamodzi, umenewo ndi umboni wamphamvu wakuti kanachokera ku mfuti. Fetereza ndi fodya sizinamiza makina awa. Zipolopolo zina zakale za ku maiko a kum'mawa kwa Ulaya ziri ndi mankhwala osiyana, monga mercury, ndipo makinawa aonetsanso kusiyanako.

Ngakhale tero, makinawa ali ndi polekeza. Anena kuti fumbi la mfuti liripo, koma sanena kuti linafika bwanji. Munthu woima pafupi ndi woomba mfuti aligwira fumbilo. Wotola mfuti pansi aligwira. Wonyamula wobvulala aligwira. Munthu atha kulitenga ngakhale pa unyolo kapena pa mpando wa galimoto ya apolisi. Ndiponso fumbili liyoyoka lokha. Munthu wamoyo woyendayenda ndi kupisa manja m'thumba alitaya pa maola monga 4 kufikira 6, ndipo akasamba ndi sopo lichoka nthawi yomweyo. Motero kupezeka kwa fumbi sikutsimikiza kuti munthu anaomba, ndipo kusapezeka kwake sikutsimikiza kuti sanaombe.

Mlandu wa ku England uphunzitsa zimenezi. Pa 26 April 1999 mayi wodziwika wa pa wailesi ya kanema, Jill Dando, anaomberedwa pakhomo pa nyumba yake ku London. Patapita chaka, apolisi anapeza kampira kamodzi kokha ka fumbi la mfuti m'thumba la jekete la munthu wina dzina lake Barry George. M'chaka cha 2001 khoti linampeza wolakwa, ndipo kampira kaja kanali mbali yaikulu ya umboni. M'chaka cha 2007 khoti la apilo linamva akatswiri akunena kuti kampira kamodzi kotere katha kupezeka m'thumba la munthu amene sanaombe mfutiyo, ndipo linafafaniza chigamulo. Pa 1 August 2008, atazengedwanso mlandu, Barry George anamasulidwa, atakhala m'ndende zaka 8. Ngati dziko lokhala ndi makina onse linatha kulakwa chotere, nanga bwanji gulu la anthu okwiya limene lingonunkhiza manja a munthu usiku?

CHIPOLOPOLO, CHIGOBA NDI CHOTSEKERA

Mwaye suyenda wokha. Uli ndi anzake. M'mimba mwa mfuti yamakono muli mizere yopota imene izunguza chipolopolo kuti chiyende moongoka, ndipo mizereyo ikanda chipolopolo mwa njira yake ya mfuti imeneyo. Msomali wa mfuti nao usiya chidindo chake pa chigoba. Kuyambira chaka cha 1925, pamene Calvin Goddard ndi anzake ku America anayamba kugwiritsa nchito maikulosikopu yoonetsa zipolopolo ziwiri nthawi imodzi, akatswiri atha kuyerekeza chipolopolo cha m'thupi ndi china choombedwa ndi mfuti yogwidwa. Pansi pa zigoba zambiri za nkhondo palinso manambala osonyeza fakitale ndi chaka. Chigoba chimene mwana atola ndi kusandutsa wenzulo chingakhale chinthu chokhacho cholumikiza kuba kwa ku Mkanda ndi kuba kwina kwa ku Kamwendo kapena kutsidya kwa malire.

Gogodela iribe mizere m'mimba mwake, koma nayo isiya zake. Mwini wake atsekera wonga ndi kansanza, pepala kapena luzi, ndipo chotsekeracho chituluka pamodzi ndi chipolopolo. Kale, ku Lancaster ku England, munthu wina dzina lake John Toms anapezeka wolakwa pa mlandu wopha Edward Culshaw, chifukwa kapepala kopezeka m'bala kanalumikizana bwino lomwe ndi pepala long'ambika la m'thumba mwake. Chimodzimodzi lero, kansanza kopserera kogwera m'udzu kangathe kufanana ndi chitenje chong'ambika cha m'nyumba ina, ndipo chidutswa cha chitsulo chochotsedwa m'bala chingathe kufanana ndi chitsulo chimene anachidulako.

ZOYENERA KUCHITA MFUTI IKABVULAZA MUNTHU

1. Moyo ndiwo uli patsogolo. Ngati munthu akali kupuma, atsekedwe bala ndi nsalu yoyera, napite naye ku chipatala msanga. Asachedwetsedwe chifukwa cha umboni.

2. Mthenga apite kwa mfumu ndi kwa apolisi nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku. Kudikira kuti kuche ndiko kutaya maola amene fumbi likali pa manja a woombayo.

3. Zobvala za wobvulala zisachapidwe, zisakutumulidwe, zisatenthedwe. Ngati nkofunika kuzidula, mpeni upite kutali ndi bowo la chipolopolo. Zonyowa ziyanikidwe pa mthunzi, ndipo chiri chonse chikulungidwe pachokha m'pepala loyera. M'jumbo ya pulasitiki zichita nkhungu ndi kuonongeka.

4. Ngati munthu wamwalira, mtembo usasunthidwe ndipo usasambitsidwe kufikira apolisi ndi dotolo atauona. Ufundidwe ndi nsalu yoyera, ndipo manja ake asagwidwegwidwe.

5. Mfuti, zigoba, zipolopolo ndi tinsanza zisiyidwe pamene zagwera. Gogodela yogona pansi itha kukhala yothira kale wonga, ndipo ingalirenso. Ngati mvula iri pafupi, chinthucho chibvundikiridwe ndi beseni kapena lichero, osachitola.

6. Mfumu iike anthu awiri okhulupirika olondera malowo, kuti khamu lisapondeponde. Mphunzitsi kapena wina wodziwa kulemba alembe nthawi imene mfuti inamveka, inalira kangati, ndi maina a onse amene anagwira wobvulalayo kapena mfuti.

7. Munthu woganiziridwa asamenyedwe, asasambitsidwe manja, ndipo asakakamizidwe kugwira mfuti kapena mtembo. Aperekedwe kwa apolisi monga ali.

Mau achinayi aja ndiwo abvuta kwambiri. Ndi mwambo wabwino kuti maliro asambitsidwe ndi kubvekedwa mwaulemu, ndipo nkowawa kwa mayi kuona mwana wake ali gone m'magazi pabwalo. Boma silinyoza mwambo umenewu. Chimene lipempha ndi chakuti adzukulu adikire pang'ono, ndi kuti mfumu ndi akulu a banja alongosolere ofedwa chifukwa chake. Lamulo lifuna kuti imfa yotere ifufuzidwe, ndipo nkwabwino kudikira tsiku limodzi koposa kudzafukula manda patapita miyezi.

MLANDU UDULIDWA KU KHOTI

Woweruza wanzeru saimira pa umboni umodzi. Aika pamodzi mau a mboni, lipoti la dotolo, mwaye wa pa malaya, zigoba, ndi zina zonse, naona ngati zigwirizana. Pa 13 September 2013 mkulu woyang'anira bajeti ya Boma, a Paul Mphwiyo, anaomberedwa pa chipata cha nyumba yao ku Area 43 mu Lilongwe, napulumuka atalandira chithandizo ku South Africa. Mlanduwo unagamulidwa ndi Khoti Lalikulu m'chaka cha 2016, ndipo khotilo linamva mboni zambiri, linaonanso ndi kaundula wa matelefoni wosonyeza amene ankaimbirana masiku amenewo. Panapita pafupifupi zaka 3. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Malamulo oyendetsera dziko la Malawi, a chaka cha 1994, anena kuti munthu womangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48, ndi kuti ayesedwe wosalakwa kufikira khoti litampeza wolakwa. Mudzi umene umenya kapena kupha munthu chifukwa wina wamva fungo la wonga pa malaya ake upalamula mlandu wachiwiri, ndiponso uononga woyamba. Woganiziridwayo akafa, palibe womfunsa kumene anagula mfuti ndi amene anamtuma, ndipo mfutiyo ipitirira kuyenda m'tinjira ta m'malire.

Mafumu ali ndi mphamvu yoletsa khamu ndi kukhazika mtima pansi ofedwa. Aphunzitsi ali ndi ana tsiku ndi tsiku, ndipo ana ndiwo ayamba kupeza zigoba m'tchire poweta mbuzi; aphunzitsidwe kuti chinthu chotere aloze ndi chala, nakauze akulu, osachitola. Ndipo munthu ali yense wosunga mfuti yopanda chilolezo, kapena gogodela yosiyidwa ndi agogo ku denga, achita bwino kukambirana ndi mfumu yake kuti mfutiyo ikaperekedwe kwa apolisi isanadzetse maliro.

Amene amva mau awa akafotokozereko anzao amene sanathe kufika, ndipo odziwa kuwerenga awerengere osadziwa.